Lamba Mmodzi

Mwana wa mlongo wanga amayenda motsimphina mpaka lero. Mwendo wake wamanzere ndi waufupi kuposa wamanja, ndipo kukazizira mu Juni ndi Julaye amadzuka usiku kuusisita. Amene anamulemaza ndine, amalume ake. Ndinamulemaza ndi lamba wa injini amene ndinakana kugula, ndiponso ndi kunyoza singano ya pa dashibodi imene inandichenjeza kwa miyezi isanu ine n'kumaitcha yamisala. Ndifotokoza mmene zinayendera kuyambira pachiyambi, chifukwa kuno ku Chipata magalimoto okalamba ngati imene ndinali nayo adakali ambiri pamsewu, ndipo ndimamva eni ake akulankhula mawu omwe aja ndinkalankhula ine.

Kwa zaka zisanu ndi zitatu ndinayendetsa takisi ya munthu wina, Corolla ya petulo, kutenga anthu m'tauni kupita nawo ku boda ya Mwami n'kubwerera ndi amalonda ochokera ku Mchinji. Mu 2015 ndinaganiza zoima pandekha. Mlimi wina wa fodya wa kunjira ya ku Lundazi ankagulitsa Hilux yake ya 1992, yoyera, ya injini ya dizilo ija amati 2L, ya malita 2.4. Ndalama zanga sizinakwane. Amayi akunyumba anaonjezapo za chilimba chawo cha kumsika, ndipo mlongo wanga, amene anali atangoferedwa mwamuna, anagulitsa ng'ombe ziwiri zolimira zimene malemu alamu anasiya. Tinapangana pamaso pa amayi athu kumudzi kuti galimotoyo idzaphunzitsa mwana wake woyamba, amene ankakhala kwanga ku Kapata akuphunzira sekondale. Kwathu kwa Achewa malume ndiye mwini mbumba. Mlongo wanga anapereka ndalama za ng'ombe zija popanda kulemberana kanthu, chifukwa ankapereka kwa munthu amene mwambo unamuika kuti azisamala ana ake.

Hilux zambiri za zaka zimenezo zinabwera zopanda rev counter, kawotchi kaja kosonyeza kuti injini ikuzungulira kangati pa mphindi imodzi. Mlimi uja anachita kugula yapadera n'kuimangirira pamwamba pa dashibodi. Ndinaikonda kwambiri. Injini ikamalira galimoto itaima, singano inkakhala pafupi ndi 750. Pa Great East Road, popita ku Katete nditanyamula matumba a nshawa kapena soya, ndinkaisunga cha pa 2,500, ndipo pachitunda inkandiuza nthawi yotsitsa giya injini isanayambe kubanika. Chaka choyamba chinayenda bwino. Ndinkatuta zokolola ku Chadiza ndi ku Vubwi, ndinkanyamula simenti ndi malata a anthu omanga, ndipo fizi ya mnyamata uja sinachedwepo.

Cholakwa choyamba ndinachichita mu Malichi 2016, singano isanayambe n'komwe kuvuta. Kutsogolo kwa injini ya 2L kumakhala malamba awiri ofanana, oyendera limodzi, amene amazunguza pampu ya madzi, fani ndi alternator. Tsiku lina poyang'ana oyilo ndinapeza mmodzi atang'ambika m'mbali. Nthawi imeneyo kwacha inali itagwa kwambiri kuyambira chaka chapitacho, ndipo chilichonse cha m'mashopu a masipeya chinali chitakwera mtengo. Ndinatenga mpeni, ndinadula lamba wong'ambikayo n'kumutaya, ndinasiya mnzake yekha. Ndinadziuza kuti ndigula mwezi ukatha. Mwezi unatha, galimoto ikuyendabe, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti lamba wachiwiri uja anali wongoonjezera.

Mu Meyi singano inayamba. M'mawa ndikangoliza injini inkachedwa kudzuka, n'kumanjenjemera cha pa 400, pansi pa boneti pakumveka kulira kosongoka ngati kwa mbewa yogwidwa pa msampha. Pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu kulirako kunkaleka, singano n'kukwera pamalo pake. Usiku ndikayatsa nyali zakutsogolo inkatsika, n'kumavina pakati pa 1,500 ndi 2,500, chikhalirecho phazi langa silinasunthe ndipo kulira kwa injini sikunasinthe.

Sindinade nkhawa, chifukwa ndinkaganiza kuti matendawa ndimawadziwa. Corolla ija inachitapo zofanana nthawi ina. Pa galimoto ya petulo rev counter imawerenga moto wa ku coil: injini ya masilinda anayi imathetheka kawiri pa kuzungulira kumodzi, ndipo kawotchi kamangowerenga kuthetheka kumeneko. Singano ikamavina injini ikulira bwinobwino, kawirikawiri vuto limakhala waya wosagwira bwino kapena wa earth wochita dzimbiri. Pa Corolla makaniko anangopala waya umodzi ndi sandipepa, n'kumanga bawuti, nkhani inathera pomwepo. Ndinaona ndi maso anga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinadziyesa katswiri wa ma rev counter. Sindinadzifunse funso limene mwana wa sukulu akanafunsa: dizilo ilibe coil, ilibe mapulagi othetheka, nanga kawotchi kanga kankawerenga chiyani?

Lamulungu lina nditachoka kutchalitchi ndinamasula dashibodi yonse kufunafuna earth. Kuseri kwa mawotchi a Hilux kuli kapepala kapulasitiki kopyapyala kokhala ndi tinjira ta mkuwa, ndipo kanali katauma ndi zaka. Pokoka pulagi ndinakang'amba. Nditabwezera zonse, ndinatembenuza kiyi ndipo ndinaona kuti tinyali tiwiri tofiira, ka batire ndi ka mabuleki, sitikuyakanso. Tinyali timeneti timayenera kuyaka kiyi ikangotembenuzidwa, injini isanalire, kuti woyendetsa adziwe kuti tili moyo. Ndinaona, ndinadziwa kuti ndaononga, ndinatseka chitseko n'kukadya nsima. Singano inapitiriza kuvina monga kale.

Amayi akunyumba ndi amene anandikakamiza kupita kwa wodziwa. Usiku wina tikuchokera kumaliro ku Mtenguleni anaona singano ikugwa n'kudzuka, ndipo anati, "Atate ake ana, chinthu sichingavine chokha popanda woimba ng'oma. Kaonetseni kwa madala aja a magetsi." Mu Julaye ndinapita. Anali mkulu wachikulire amene ankakonza magetsi a galimoto pansi pa shedi ya malata chakuseri kwa msika wa Kapata, munthu wosafulumira kulankhula. Ndinafika ndi yankho langa kale m'kamwa.

"Madala, ka rev counter aka kafa. Mundipezere kena, kapena mungokonza earth."

Sanagwire sipanala. Anandifunsa mafunso. Kamavuta nthawi yanji, m'mawa kapena masana? Nyali zikayaka kamachita bwanji? Singano ikagwa, injini nayo imasintha kulira? Pali phokoso lililonse pansi pa boneti? Ndinayankha zonse mosafuna, ndikuona ngati akunditayitsa nthawi. Kenako anagwira waya wochokera kuseri kwa kawotchi n'kuutsatira ndi chala, kudutsa pa bowo la khoma la injini, mpaka pamene unakalowa m'kati mwa alternator.

"Bwera uone, mwana wanga," anatero. "Rev counter iliyonse ili ndi kumene imamvera. Ya petulo imamvera ku coil. Madizilo ena ali ndi kasensa pa pampu ya mafuta kapena pa flywheel. Yako iyi anaiwotcherera m'kati mwa alternator. Ku magalimoto a ku Ulaya pamakhala potulukira pake polembedwa W, koma apa anachita kulumikiza okha. Alternator ikamazungulira imatulutsa magetsi ogunda ngati mtima, ndipo kawotchi kamawerenga kugundako. Ndiye kuti sikakuona injini ayi. Kakuona alternator. Injini ikamalira bwino koma singano n'kugwa, funsa kaye chimene chili pakati pa injini ndi alternator."

Analumikiza mita yake ku batire n'kundiuza kuti ndilize injini. Inasonyeza mavolti pafupifupi 14, monga ziyenera kukhalira. Anati ndiyatse nyali zonse. Pomwepo kambewa kaja kanalira, singano inagwa, ndipo mita inatsika kufika cha pa 12 ndi theka. Anati ndizimitse nyali. Zonse zinabwerera pamalo. Anachita zimenezi katatu kuti ndione ndekha. Anafotokoza kuti nyali zikayaka alternator imalimba kuzungulira chifukwa ikugwira ntchito yaikulu, chimodzimodzinso m'mawa pamene ikubwezera moto umene sitata yadya, ndipo lamba wofooka amangoterereka pa pulley m'malo mokoka. Titazimitsa injini anakanikiza lamba ndi chala chachikulu. Woyenera amalowa pafupifupi sentimita imodzi. Wanga analowa kuposa kawiri. M'mbali mwake munali mosalala monyezimira ngati nsapato yopolishidwa. Kenako anaika chala mumpata wopanda kanthu wa pulley n'kundiyang'ana.

"Mnzake ali kuti?"

Ndinati anang'ambika. Anapukusa mutu. "Kawotchi kako n'kabwino. M'galimoto muno ndi kokha katsala kokuuza zoona, popeza tinyali tofiira wazimitsa. Kagule malamba awiri atsopano, a kampani imodzi ndi nambala imodzi, usasakanize watsopano ndi wakale. Ubwere nawo ndikuikire, ndikonzenso tinyalito. Ndipo tamvera: lamba ameneyu sanyamula magetsi okha. Ayendetsa pampu ya madzi. Komanso yang'ana kuseri kwa alternator uku, kachitsulo aka kokhala ndi mapaipi ndi pampu ya vacuum. Petulo imapeza vacuum ya mabuleki kuchokera ku injini yeniyeniyo, koma dizilo ilibe, ndiye anaika pampu pa mtengo umodzi ndi alternator. Lamba akaduka, madzi aima, batire laima, mabuleki nawo alimba. Usapite naye kutali."

Palibe mawu amene sindinamve. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, ndinayankhidwa momveka, ndinaonetsedwa ndi mita pamaso panga. Chinandiletsa ndi kunyada. Zinandiwawa kuti munthu wandipeza ndi mpata wopanda lamba pamaso pa anyamata ake ophunzira ntchito, ndipo mumtima ndinayamba kumupezera zifukwa: mwina amagwirizana ndi ogulitsa masipeya, mwina akukuza nkhani kuti adye zambiri. Ndinalipira kandalama koyezera, ndinati ndibwera mawa, ndipo sindinabwerere.

Zimene ndinachita m'malo mwake ndi izi. Ndinagula rev counter ina yakale kwa mnyamata wogulitsa zophwasula, pa mtengo woposa wa malamba awiri aja. Nditaiika, inavina ndendende ngati yoyamba. Umenewu unali umboni wokwanira kuti vuto silili m'kawotchi, koma ndinati andigulitsa yakufa, n'kubwezerapo yakale ija. Kenako ndinatenga chitsulo chochotsera matayala, ndinakankha alternator ndi mphamvu zanga zonse n'kumanga lamba mpaka anauma ngati chingwe cha uta. Kuti kulira kuleke ndinapaka sopo m'mbali mwake, monga ndinaonera ena akuchita pa siteshoni. Singano inakhazikika kwa milungu itatu, ndipo ndinauza amayi akunyumba kuti ndakonza ndekha popanda madala awo. Itayambiranso ndinamanganso, n'kupakanso sopo. Lamba mmodzi wokalamba ankasenza katundu wa awiri, atakokedwa mopitirira, m'kutentha kwa Seputembala.

Pakati pa Okutobala 2016 ndinapeza ulendo wabwino wa ku Mfuwe: matumba a ufa, kabichi, anyezi, ndi simenti ya munthu wina womanga shopu. Katundu anali woposa umene Hilux imayenera kusenza, ndipo masipuling'i akumbuyo anachita kuwongoka. Linali Loweruka. Mnyamata uja anali mu Giredi 12, mayeso atatsala milungu iwiri. Ndinamupeza pakhonde ali ndi mabuku ake n'kumuuza kuti akwere akandithandize kutsitsa katundu. Anati, "Amalume, mawa tili ndi gulu lowerengera limodzi masamu. Bwanji mutenge mmodzi wa anyamata a pamsika?" Wa pamsika akanafuna malipiro ndi chakudya. Ndinamuyankha kuti galimoto imeneyi ndi imene imamulipirira sukulu, ndipo tsiku limodzi silingamulepheretse mayeso. Anatseka buku osanenanso kanthu, n'kukwera.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka, pothawa kutentha, chifukwa mu Okutobala chigwa cha Luangwa chimaotcha ngati ng'anjo. Kunayamba kuda titadutsa kale midzi ya kufupi ndi tauni, tili m'mapiri tisanafike ku Jumbe. Ndinayatsa nyali tili pachitunda, injini ikukoka mwamphamvu mu giya yachiwiri. Kambewa kanalira kwa nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenako pansi pa boneti panamveka kuti phwa, ngati chikwapu, ndipo kulira kuja kunaleka. Singano inagwa mpaka pansi, osadzukanso.

"Amalume, singano yagona pa ziro," mnyamata anatero.

"Isiye. Ndi yamisala imeneyo."

"Koma china chalira kutsogoloku. Ndikumvanso fungo la mphira. Tingoima pang'ono tione."

"Unali mwala. Fungolo ndi la lupsa, suona akutentha tchire?"

Tchire linkapsadi patali, ndipo ndinagwira pamenepo. Koma mumtima ndinadziwa. Mawu a madala aja anabwera onse, mpaka chala chawo chili mumpata wa pulley. Ndinadziwanso kuti ndikaima n'kutsegula boneti, mwana ameneyu aona lamba woduka, ndipo tigona m'tchire ndi kabichi wa anthu akufota. Injini inkalirabe bwinobwino, chifukwa dizilo yakale siifuna moto wothetheka kuti iyende. Pampu yake imathira mafuta yokha malinga ngati injini ikuzungulira. Nyali zinkawalabe ndi moto wotsala m'batire. Pa dashibodi panalibe chofiira chilichonse, poti tinyali toyenera kuyaka nthawi imeneyo ndinali nditatipha ndekha. Ndinawerengera kuti tikangofika ku Jumbe ndiima pamalo a anthu. Ndinaponda mafuta.

Booster ya mabuleki imasunga vacuum yokwanira kuponda kawiri kapena katatu pampu itaima. Koyamba ndinaponda chifukwa cha munthu wa njinga yonyamula makala, ndipo mabuleki anagwira bwino, ine n'kudziuza kuti madala ankangoopseza. Kachiwiri ndinaponda pa kamlatho, anagwirabe, ngakhale phazi linamva kulimba pang'ono. Kenako msewu unayamba kutsika. Ndinali mu giya yachinayi, matumba a simenti akukankha kumbuyo. Liwiro linakwera. Nditaponda kachitatu, zinali ngati ndaponda mwala. Pambuyo pake ndinadzamva kuti mabuleki amakhala alipobe ngakhale booster itafa, kungoti amafuna mphamvu ya mwendo yochuluka kwambiri, ndipo pa galimoto yopanda katundu munthu angathe kuima. Yanga inali yolemedwa, ili pamtsetse, ndipo ine ndinachita mantha. Ndinaponda kilatchi kuti ndilowetse giya yachiwiri. Pa liwiro limenelo inakana, inangokukuta mano, ndipo ndinatsala ndili pa nyutulo, injini yosagwiranso matayala. Ndinakoka handibuleki ya pansi pa dashibodi mpaka kumapeto. Ndikukumbuka mnyamata atagwira dashibodi ndi manja onse awiri, akuitana amayi ake. Msewu unakhotera kumanja, ife tinapitirira molunjika.

Galimoto inagwera mu ngalande chakumanzere, mbali imene iye anakhala. Simenti inaphwanya galasi lakumbuyo. Ine ndinatuluka pa windo ndi bala la pamphumi lokha. Iye anapanikizika pakati pa chitseko ndi dashibodi, ntchafu yamanzere itapindika pamalo pamene palibe mfundo. Rediyeta inkatulutsa nthunzi, ndipo nditasuzumira m'kati kuti ndizimitse injini ndinaona singano ya kutentha ili pofiira. Sindinaiyang'anepo n'kamodzi komwe kuchokera pachitunda paja. Anthu a m'mudzi wapafupi anabwera ndi nkhwangwa ndi mitengo, anakanula chitseko, ndipo lole ina yochokera ku Mfuwe inatitengera ku chipatala cha mishoni cha Kamoto. M'njira monse sanalire mokweza. Ankangoti, "Amalume, mayeso," n'kukhala chete, kenako n'kubwerezanso.

M'mawa mwake anamutumiza ku chipatala chachikulu cha Chipata. Fupa la ntchafu linali litathyoka pawiri, ndipo anagona chagada milungu yambiri mwendo uli pa chokokera. Mlongo wanga anafika tsiku lachiwiri, atakwera njinga ya hayala kuchokera kumudzi mpaka pamsewu. Ndinamudikira panja pa wodi. Ndinali nditakonza zonena: mabuleki anakana mwadzidzidzi, galimoto zakale ndi mmene zilili. Anthu onse anali atakhulupirira kale zimenezo, ndipo ena ankanong'ona kuti pali dzanja la munthu wansanje. Koma atatuluka m'wodi n'kukhala pansi pambali panga, anandifunsa funso limodzi: "Achimwene, mwana akuti anakupemphani kuti muime. N'zoona?" Ndinati n'zoona. Ndinamuuza za lamba amene ndinadula mu Malichi, za madala a ku Kapata, za sopo, zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, "Ng'ombe zija ndinakupatsani kuti mwanayu asadzagwire khasu." Anaimirira n'kubwerera m'wodi. Panapita chaka ndi miyezi asanapondenso pakhomo panga.

Anzake analemba mayeso iye ali pa bedi. Tsiku la pepala loyamba anapempha kuti tisabwere kudzamuona, ndipo namwino anatiuza kuti anafunda nsalu kumutu tsiku lonse. Kuyambira ali wamng'ono ankalakalaka usilikali. Akaona asilikali a ku Gondar Barracks akudutsa m'tauni ankaima n'kuwayang'ana mpaka atapita, ndipo ankathamanga m'mawa uliwonse asanapite kusukulu pokonzekera tsiku lolembetsa. Fupa linalumikizana, koma mwendo unafupika. Analemba mayeso a GCE chaka chotsatira, anakhoza maphunziro ena, masamu analephera. Za usilikali sanazitchulenso. Lero amakhala m'kabokosi ka mobile money pafupi ndi Down Shops, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Za ndalama n'zazing'ono poyerekeza ndi zimenezi, koma nazonso zinagwera anthu osalakwa. Ufa ndi simenti zinaonongeka, ndipo eni ake anafuna zawo. Amayi akunyumba anatuluka m'chilimba chifukwa ndalama zoponya zinkapita kuchipatala, ndipo anayamba kugulitsa tomato wa pa tebulo laling'ono pakhomo. Mwana wathu wamkazi anakhala teremu yathunthu osapita kusukulu. Hilux tinaikoka ndi thirakitala mpaka pamsewu, kenako ndi lole mpaka ku Chipata. Makaniko atatsegula injini anapeza hedi itang'ambika pakati pa mavalavu chifukwa chothamanga popanda madzi oyenda, chasisi itapindika kutsogolo. Mu Febuluwale 2017, sabata imene anthu ankasangalala kuti Chipata yakwezedwa kukhala mzinda, ine ndinali kugulitsa galimotoyo chiwalochiwalo: giyabokosi kwa uyu, difu kwa uyo, matayala kwa wina. Zonse pamodzi sizinakwane mtengo wa ng'ombe ziwiri. Ndinabwerera ku takisi ya munthu wina, njira yomwe ija ya ku Mwami.

Rev counter yokha sindinagulitse. Ndinaitenga m'thumba n'kupita nayo ku shedi ya malata ija, chifukwa mumtima munali mutatsala kachiyembekezo kakuti mwina inalidi ndi vuto lake, kuti mwina mlandu wina ungagwere pa iyo. Madala anali atamva kale. Sanandikumbutse chilichonse. Anafunsa za mnyamata, ndipo nditawauza anakhala chete nthawi yaitali. Pabwalo panali Hilux ina ya dizilo imene ankaikonza alternator. Anawotcherera kawaya m'kati mwake, analumikiza kawotchi kanga, n'kuuza mnyamata wawo kuti alize injini. Singano inadzuka n'kuima pafupi ndi 750, osagwedezeka. Anayatsa nyali zonse, inakhala pomwepo. Anaponda mafuta, inakwera mosalala n'kutsika mosalala. Anamasula mawaya, anaipukuta ndi kansalu, n'kundibwezera m'manja.

"Ukapeza galimoto ina, idzakugwirira ntchito," anatero.

Galimoto ina sindinapeze. Kawotchiko kali m'kabati kunyumba. Pa Corolla imene ndikuyendetsa tsopano, m'mawa uliwonse ndimatembenuza kiyi n'kudikira kuti tinyali tonse tofiira tiyake ndisanalize injini, ndipo Lolemba lililonse ndimakanikiza lamba ndi chala. Anzanga a pa siteshoni akandiuza kuti singano yawo ikuvina, ndimawafunsa mafunso a madala aja, n'kuwapempha kuti atsatire waya aone kumene ukupita asanagule kalikonse. Ena amamva. Mmodzi, wa Canter yonyamula mchenga, anandiyankha kuti ndi earth chabe, amazidziwa, ndipo ndinamugwira dzanja n'kumuuza nkhani yonseyi tili chiimire pamsewu.

Mlongo wanga tsopano amabwera, timadyera pamodzi, koma za ng'ombe sitinazikambenso. Amalima ndi khasu, ndipo nyengo yolima ikafika ndimatumiza ndalama yobwerekera ng'ombe za ena pamene ndakwanitsa. Mnyamata uja amanditchabe amalume, amandipatsa moni ndi manja awiri. Akagula nsapato zatsopano amabweretsa yamanzere kunyumba kwanga, chifukwa ndinamupempha kuti ntchito imeneyi ikhale yanga. Ndimapita nayo kwa wosoka nsapato wa pamsika wa Kapata, amene amadula chidutswa cha tayala lakale n'kuchimata pansi pake, masentimita awiri, kuti miyendo ifanane. Mwezi wathawu ndinapita ndi nsapato yachisanu ndi chinayi. Wosokayo safunsanso muyeso.